Jekete la a Mwale Kubusa

Loweruka lapitali tinakaika mwala pamanda a malemu a Mwale, chaka chitatha chiwaikire m'manda. Abusa atatseka pemphero, tonse tikadali chete, panatulukira mayi wina atavala chitenje pamwamba pa buluku, kathumba ka ufa kali m'manja. Sanapereke moni kwa munthu. Analunjika pamwala watsopano uja, nauwaza ufa mpaka dzina linabisika, kenaka nayamba kukalipa m'chinyanja chake cha ku Lusaka.

"Imwe a Mwale, muzagona mpaka liti? Ukani, ng'ombe zangena m'munda mwa a Phiri! Ulesi chabe, imwe akudya mbewa imwe!"

Achibale ena ochokera ku Malawi anadzidzimuka, ndipo mmodzi ananyamuka kuti akamugwire. Ife eni mudzi tinaseka uku misozi ikutsika. Mayiyo anali Mwila, Mbemba, ndipo Mbemba ndi mbuya wathu. Chimbuya ndi chibale cha nthabwala pakati pa Abemba ndi ife a kum'mawa. Iwo amatinena kuti timadya mbewa, ife timawanena kuti amadya anyani, ndipo pamaliro amatipaka ufa ndi kutiseketsa kuti chisoni chisatimize. Mbuya akakunyoza sukwiya. Akuluakulu amati chinayamba ndi Angoni, koma masiku ano Mchewa naye sathawa ufa. Chimbuya chomwechi ndi chimene Mulungu anatembenuzira a Mwale atakalamba kale, ndipo iwo atatembenuka, dambo lathu lonse linatembenuka nawo.

Ine ndinapemphera nawo mpingo umodzi kuyambira ndili mtsikana, ndipo ana a yunivesite akabwera kwathu, atsikana ankagona m'nyumba mwanga. Zimene ndikulemba pano ndinaziona ndi maso angawa.

Ana amene akukula lero amawakumbukira a Mwale ngati nkhalamba yaitali imene inkakhala pachulu cha kudambo, chikoti chili pamiyendo, itavala jekete lakuda lokhala ndi banga la matope paphewa. Amayesa kuti anabadwa choncho. Ngakhale ku Lusaka, pamene yunivesite inawaitana kukayankhula kwa ophunzira, anapita atavala jekete lomwelo. Ana awo anawagulira suti yatsopano pa Katete, koma iwo anaisiya pabedi. Atabwerako tinawafunsa kuti anakawaphunzitsa chiyani anthu ophunzira aja. Anati sanaphunzitse munthu, anangokaonetsa satifiketi yawo, ndipo analoza banga lija.

Koma ife tinawadziwa banga lisanabwere. Anali mkulu wa mpingo, munthu wa ng'ombe zambiri, woyenda mosafulumira ngati kuti msewu ndi wawo. Jekete lija linali la Lamulungu lokha. Mkazi wawo, aNaphiri, ankalisita ndi nsimbi ya makala Loweruka madzulo, ndipo ngakhale ntchentche inkachita mantha kuterapo.

Ndiwo ankatsegula tchalitchi ndi kuliza belu, lomwe linali mkombero wakale wa lole. Poimba nyimbo mawu awo anali aakulu koma osochera, ndipo a kwaya atawapempha kuti azitsitsako, anayankha kuti Mwini nyimbo sanadandaulepo. Sankakonda mapemphero aatali, ankati udzu m'munda sudikira ameni. Misonkhano yothera m'kuwomba m'manja ankaiyerekeza ndi bingu lopanda dontho la mvula. M'thumba mwawo simunkasowa nshawa zokazinga, mtedza umene timalima kuno, ndipo mwana aliyense wowapatsa moni bwino ankalandira zodzaza dzanja. Ng'ombe zawo anazitcha maina a makhalidwe abwino, ina Mtendere, ina Kuleza, ina Chifundo. Yovuta kuposa zonse, ng'ombe yolima ya nyanga imodzi yopindika, yothyola khola ndi kulumpha mipanda, anaitcha Chifatso. Ankati dzinalo anaipatsa mwa chikhulupiriro, ndipo akudikirabe.

Munthu amene anakangana naye moyo wawo wonse anali mlamu wawo, a Phiri, mlongo wa aNaphiri. Ankakangana za malire a munda, za tsiku lobzala thonje, za amene anayamba kugula njinga. Tsiku likadutsa osakangana, aNaphiri ankafunsa kuti wadwala ndani. Amuna awiriwa anakulira limodzi kubusa.

Kwathu kuno, pakati pa Katete ndi Sinda, mwambo wake ndi wotere. Mnyamata wa pabanja losauka amapita kukaweta ng'ombe za munthu wina, amadya komweko, ndipo zikatha zaka zimene anapangana, zitatu kapena zinayi, amapatsidwa msoti, ng'ombe yaikazi imene sinaberekepo. Khola lonse la a Mwale linachokera m'mimba mwa msoti wotere. Kuwerenga anaphunzira ali ndi ndevu kale, m'kalasi ya mpingo, ndipo ankanyadira zimenezi. Ankati sukulu sithawa, koma umphawi ukapanda kuuthamangitsa uli mwana umakalamba nawe. Choncho pamene mayi wina wamasiye, aNabanda, anabweretsa mwana wawo Ganizani kuti aziweta, a Mwale anaona kuti akuchita zachifundo. Ankamudyetsa bwino, anamugulira bulangeti ndi majombo, sanamumenyepo. Kungoti Lamulungu, pamene ana ena ankaphunzira nyimbo m'tchalitchi, Ganizani ankakhala kudambo, chifukwa ng'ombe sizidziwa Sabata.

Ana a yunivesite anayamba kubwera chifukwa cha dongosolo la sukulu yawo. Wophunzira samaliza maphunziro ake asanakakhale m'mudzi ndi kugwira ntchito pamodzi ndi eni mudzi pa vuto limene eni akewo asankha. Aphunzitsi awo anabwera poyamba kudzatifunsa. Abambo anatchula chigodola, matenda obwera ndi nkhupakupa, amene ankatha ana a ng'ombe chaka ndi chaka. Amayi tinatchula ana a anthu amene sali pasukulu. Ndiye kunabwera magulu awiri, ophunzira za ziweto, motsogozedwa ndi mnyamata wofatsa dzina lake Limbikani, ndi ophunzira za chisamaliro cha anthu, m'mene munali Mwila.

Tsiku loyamba lomwelo, a Mwale atangomva dzina la Mwila, anamufunsa ngati wabweretsa mchira wa nyani wa ndiwo. Iye anayankha kuti wabweretsa mphaka woti athe mbewa zonse, mudzi ugone ndi njala. A Mwale anaseka mpaka kutsokomola, ndipo kuyambira pamenepo ankamutchula kuti mbuya wanga.

Anafika mu Ogasiti. Nthawi imeneyo m'minda mulibe kanthu, ng'ombe zimangotayiridwa m'mapesi m'mawa n'kubwera zokha madzulo, ndipo anyamata oweta amasowa chochita. Mwila anatsegula kalasi yowaphunzitsa kuwerenga pansi pa mango a patchalitchi, ndipo inadzaza. A Mwale anabwereketsa mabenchi ndi bolodi. Ganizani ndiye ankayamba kufika, ndipo zilembo ankazimwa ngati nthaka youma ikalandira mvula yoyamba. Pochoka, ophunzirawo anagwirizana ndi aphunzitsi a kupulaimale kuti anyamata onse akayambe sukulu mu Januwale. Panali nyimbo, panali kuwomba m'manja. Palibe amene anawauza kuti Januwale ndi mwezi umene chimanga chimalekeza m'mawondo, pamene ng'ombe ikasowa woiyang'anira kanthawi kochepa imabala mlandu. Mlendo akamakondwa sitimudula pakamwa. A Mwale nawo anawomba m'manja, iwo amene ankadana ndi bingu lopanda mvula.

Mvula ili pakati ophunzira aja anabweranso, chifukwa ndi nthawi imene nkhupakupa zimachuluka. Limbikani ndi anzake anayamba kupopera ng'ombe mankhwala ndi kubaya zazing'ono. Mwila anapita kusukulu kukaona ana a m'kalasi yake aja, ndipo sanapezeko ngakhale mmodzi. Atabwera kunyumba kwanga, chakudya anangochiyang'ana.

Lamulungu m'mawa sanapite nafe kutchalitchi. Anatsikira kudambo mvula ikuwaza. Tsiku limenelo a Mwale ndi amene analalikira, ndipo analalikira bwino, za ana, kuti ndi mphatso yobwereketsedwa imene Mwini wake adzaifunsa. Potuluka anaima pakhomo monga mwa nthawi zonse, kugwira anthu chanza. Pamzere wa anthu panalowa Mwila, wonyowa, matope mpaka m'mawondo. Atafika pa a Mwale sanatambasule dzanja la moni. Anatambasula lodzaza matope akuda a kudambo, nawapaka paphewa la jekete lija, pang'onopang'ono, ngati akudzoza mwana mafuta.

Amayi ena anakuwa. Mwila anati, "Ufa nilibe, mbuya wanga, nabweretsa aya. Nabwera ku maliro."

"Wamwalira ndani, iwe wakudya anyani?" anafunsa a Mwale, akuyesa kuseka.

"Ulaliki wanu. Wafera pa khomo pano, sunafike na ku dambo. Kuli mwana uko alemba dzina lake pa matope na kamtengo. Mvula ifafaniza, alembanso. Namufunsa kuti bwanji suli ku sukulu, akuti ng'ombe za akulu a mpingo zizadya chimanga cha anthu. Imwe agogo, chifundo chanu chili na miyendo inayi, chidya udzu, ndipo mwana wa amasiye ndiye achilonda!"

Akanakhala mwana wa m'mudzi muno, kapena mphunzitsi, kapena abusa amene, bwenzi pali mlandu. Koma mbuya sakwiyiridwa. Anthu anayamba kuseka, poyamba mobisa, kenaka mokweza, a Phiri kuposa onse. A Mwale anasekako pang'ono. Kenaka anayang'ana phewa lawo, nayang'ana kudambo, natenga njinga yawo n'kumaikankha osakwera mpaka kunyumba. ANaphiri anandiuza pambuyo pake kuti atafuna kuchapa jekete lija, mwiniwake anawaletsa. Anati matope amenewo si a Mwila, Mwila wangotumidwa.

Lolemba m'mawa anapita kwa aNabanda, Ganizani ali pambuyo. Ine anandipempha kuti ndiwaperekeze, chifukwa mwamuna safika yekha pakhomo pa mayi wamasiye. Atamva kuti mwana akupita kusukulu, aNabanda anagwira kumutu.

"Abambo, mwanayu walakwa chiyani? Zaka ziwiri wavutika kale. Mukamuchotsa lero, msoti uja wapita. Ine ndidzalima ndi chiyani? Zilembo zimakoka pulawo?"

"Msoti ndi wake," anatero a Mwale. "Zaka zatsalazo ndimuwetera."

"Mupeza mnyamata wina?"

"Ndikapeza wina ndiye kuti ndangosintha mwana woti ndizimulakwira. Ndanena kuti ine. Miyendo iyi inayamba kuweta inu musanabadwe, mayi."

Ndinamvapo maulaliki ambiri onena za Iye amene analowa m'malo mwathu. Tsiku limenelo ndinaona kachithunzi kake kakang'ono kataima pabwalo la mayi wamasiye, katavala jekete lamatope.

Kwathu mwamuna wa imvi saweta ng'ombe. Ndi ntchito ya ana, ndipo wamkulu akaigwira anthu amati wasauka kapena mutu wazungulira. Anthu ankaima pamsewu kuonerera. Achinyamata a pakantini ankaliza mluzu wa kubusa iwo akamadutsa. Akulu ena a mpingo anawayendera mwakachetechete, kuwapempha kuti ngati n'kuweta, azivulako jekete, chifukwa likunyozetsa udindo. A Mwale anayankha kuti jeketelo lakhala zaka zambiri likumva Mawu, nthawi yakwana yoti liwachite. A Phiri ankachita kupatuka ndi njinga kudzawaona.

"Alamu, mukamaliza zaka zanu adzakupatsani msoti ndani? Kapena mudzadzipatsa nokha?"

"Wondilemba ntchito ine salephera kulipira, alamu. Inu samalani chimanga chanu."

Mawu amenewo anawabwerera. Chimanga chitamasula, tsiku lina masana Chifatso anadzutsa mutu nalunjika kumunda wa a Phiri, ng'ombe zonse zili pambuyo pake. Mnyamata akanazitsekereza. A Mwale anathamanga, naterereka pamatope, nabinya bondo. Pamene anthu ankafika, mbali ina ya munda inali itagona pansi.

A Phiri sanaseke tsiku limenelo. Anafika pakhonde pamene a Mwale anakhala, bondo litatupa ngati dzungu.

"Chikhristu chanu chadya chimanga changa! Mawa mwana uja abwerere kubusa, apo ayi tikaonana kwa amfumu. Ndipo ana a ku Lusakawa azipita kwawo, ationongera mudzi."

"Chimanga ndibweza cha m'nkhokwe yanga, alamu. Mwana sindibweza."

Apa ndi pamene zonse zikanathera. Eni ng'ombe ena, amene anali atayamba kuganiza zomasula anyamata awo, anabwerera m'mbuyo. M'mawa mwake Ganizani anafika yekha pakhola, wavula yunifolomu, wavala majombo, chikoti chili m'manja. Amake anamutuma poopa mlandu, ndiponso iye mwini bondo lija linamumvetsa chisoni. A Mwale anamuitana, namulanda chikoti, namuuza kuti belu la sukulu likamupeza pakhomo pawo, aona mkwiyo umene sanauonepo. Mwanayo anapita akulira. Ng'ombe nazo zinali kulira m'khola, wozitulutsa palibe.

Amene anazitulutsa anali ana a yunivesite. Mwila anaimbira foni aphunzitsi awo, ndipo iwo anavomera kuti kuweta kukhale mbali ya ntchito yawo mpaka bondo litachira. Mudzi sunasekepo ngati masiku amenewo. Ana obadwira m'tauni, ena osakhudzapo ng'ombe chibadwire, ankathamanga m'dambo ndi maambulera, akuitana ng'ombe mwaulemu ngati alendo. Chifatso anathamangitsa Mwila mpaka mtsikanayo anakwera pachulu, akukuwa kuti ngakhale ng'ombe za Achewa n'zamwano. Anthu anawanyamula a Mwale pangolo, kukawakhazika pachulu chomwecho kuti aziweta ndi pakamwa, uyu apite uko, uyu atseke uku. Chimanga cha munthu sichinadyedwenso.

M'masiku omwewo ng'ombe yolima ya a Phiri inagwa ndi chigodola. Iwo anali atakana kupopera ziweto zawo, ponena kuti mankhwala a ana asukulu ndi oyeserera. Tsopano inali gone, m'khosi mutatupa, maso akutsika misozi, ndipo popanda iyo goli lawo linali latha. Mwila anati mwayi ndi umenewu, Limbikani asaibaye mpaka a Phiri atalonjeza kuti mnyamata amene amawawetera apita kusukulu. Apa mbuya ndi mbuya anakangana zenizeni, popanda nthabwala. A Mwale anati chifundo chogulitsa si chifundo, ndipo munthu wokokedwa ndi chingwe amabwerera chingwe chikaduka. Mwila anati ana alibe nthawi yodikira mitima ya nkhalamba. Limbikani, amene sankayankhula zambiri, ananyamula chikwama chake cha mankhwala n'kumapita awiriwo akadakangana. Anangonena kuti iye anaphunzira kuchiza ng'ombe, osati kuzigwira chikole. Anaisamala masiku angapo, kuibaya, kuimwetsa, kuitembenuza, mpaka inadzuka.

A Phiri sanapepese. Sanali munthu wopepesa. Anangotulukira kudambo m'mawa wina akuyendetsa ng'ombe zawo okha, nakhala pansi pambali pa a Mwale.

"Musayese kuti ndatembenuka, alamu. Ndabwera kudzalonda chimanga changa, poti inu kuthamanga kunakukanikani."

"Nanga mnyamata wanu ali kuti?"

"Ndamubwereketsa kwa aphunzitsi. Akalephera adzabwera."

Mnyamatayo sanabwere.

Nkhalamba ziwiri zitakhala pachulu, yachitatu sinachitenso manyazi. Abambo anaphatikiza ng'ombe za mudzi wonse, namaweta mosinthana, awiriawiri. Chaka chotsatira kunabwera ophunzira zaulimi, ndipo pamodzi ndi eni mudzi anatchinga mbali ya dambo ndi waya ndi mitengo yophuka. Anatiphunzitsanso kuumitsa ndi kusunga zotsala za nshawa kuti ng'ombe zizidyera m'khola. Ife tinapempha aphunzitsi awo kuti magulu onse azibwera mvula ili pakati, osati m'chilimwe mokha, ndipo sukulu yawo inamva.

Gulu lililonse latsopano a Mwale ankayamba kulitengera kudambo, liwete kaye tsiku lathunthu, msonkhano pambuyo. Ankaumirira kuti ophunzira azigona m'makomo mwa anthu ndi kutunga okha madzi. Mmodzi atafuna kujambula ana ovala zong'ambika kuti akaonetse kusukulu kwawo, anamuletsa, anati mwana wa munthu si chikwangwani, ngati akufuna chithunzi cha vuto ajambule iwo. Anthu a midzi ya cha ku Sinda anabwera kudzaona, kenaka a ku Vubwi. Ankawalandirira pachulu, osati m'nyumba, ndipo ankawauza kuti asayambe ndi waya, ayambe ndi nkhalamba imodzi yosaopa kusekedwa. Sindinganame kuti midzi yonse inasintha. Ukayenda cha kumalire ukumanabe ndi ana kumbuyo kwa ng'ombe. Koma chotupitsa chalowa kale mu ufa.

Zaka za pangano zitakwana, a Mwale anayendetsa okha msoti wofiira, mwana wa Kuleza, mpaka pakhomo pa aNabanda. Mayiwo analiza nthungululu, nagona pansi kuthokoza. A Mwale anawadzutsa, anati athokoze Wakumwamba ndi wakudya anyani uja.

Koma tsiku limene ine sindidzaliiwala ndi lina. Maso awo anali atayamba kuchita chidima, ndipo Lamulungu lina ataima kuti awerenge Mawu, anayang'ana tsamba nthawi yaitali, zilembo zitawathawa. Kenaka anadzutsa mutu naitana Ganizani, amene panthawiyo anali atangomaliza pulaimale. Mnyamatayo anabwera kutsogolo, nawerenga mutu wonse osapunthwa, mawu ake akumveka mpaka panja pa mango. A Mwale anaima pambali pake, dzanja lili paphewa la mwanayo. Atamaliza, nkhalamba inayambitsa nyimbo yoyamika, yosochera monga mwa kale, ndipo tsiku limenelo a kwaya sanayese kuikonza. Tonse tinasochera nawo limodzi, mokweza.

Anamwalira chaka chatha mvula yoyamba itangogwa, atadwala pang'ono chabe. Pamaliro awo Ganizani ndi amene anawerenga Mawu. Tsopano ali kusekondale ku Katete, ndipo akuti akufuna ntchito ngati ya Limbikani. Mwila ndi amene amabweretsa ophunzira atsopano masiku ano. Loweruka lija, atatha kukalipira mwala, anagwada naupukuta ndi chitenje chake mpaka dzina linaonekanso, ndipo anakhala chogwada pamenepo anthu atabalalika.

Dzulo ndinadutsa kudambo popita kudimba. Chulu chilipo, ndi mtengo wa msekese pamwamba pake. Pali malo amodzi osalala, olowa pang'ono, pamene udzu sunamerebe. Palibe amene amakhalapo. A Phiri ikakhala nthawi yawo amakhala pambali, ndipo ndinawamva akukangana ndi malowo za tsiku lobzala thonje. Jekete lija a Mwale anakana kuikidwa nalo m'manda, anati likadali ndi ntchito. A Phiri amalibweretsa m'mawa n'kulipachika panthambi, chifukwa Chifatso, amene wakalamba tsopano ndipo aNaphiri akukana kumugulitsa, akaliona sayandikira waya. Banga lija likuonekabe paphewa.

Cha kumtunda belu la sukulu linalira. Ndinaima, ndinayang'ana dambo lonse, kuyambira pachulu mpaka kumtsinje. Munali ng'ombe, munali akakowa, munali nkhalamba. Mwana munalibe.